Zimene aDaka Anapeza Pansi pa Miyala

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene ndinapha mtsinje wa kwathu. Sindinachite dala. Koma ndinaupha, ndipo munthu wina anatsala pang'ono kuchotsedwa pamudzi chifukwa cha ine.

Kwathu ndi kufupi ndi Chiparamba. Mtsinje wake ndi waung'ono, wochokera m'phiri, woyenda pa miyala. Mvula ikaleka mwana amauwoloka madzi akulekeza m'mawondo. Tinkamwa madzi ake, tinkasambamo, ndipo madimba onse a pamudzi anali m'mbali mwake. Munda wathu wa thonje unali kumtunda. Madimba anali kumunsi.

Munthu ndikunenayu anali aDaka. Anakwatira amayi anga aakulu, nakhala pamudzi pathu chikamwini zaka zoposa makumi atatu. Ine ndinkawaitana atate aakulu. Akazi awo atamwalira, mbumba inawasudzula monga mwa mwambo, kutanthauza kuti anali omasuka kubwerera kwawo. Koma kwawoko kunalibenso munthu wowadziwa. Anapempha kukhala. Amalume, amene anali mwini mbumba, anavomera ndi pakamwa pokha. Aliyense ankadziwa kuti maso awo ali pa dimba la aDaka, chifukwa linali lonyowa chaka chonse.

ADaka anali munthu wamfupi, wosalankhulalankhula, wa mano ochepa. Akamaliza kuthirira, ankatenga mbedza. Nyambo yawo sinali nyongolotsi ngati ya anthu ena. Ankalowa m'madzi, kuwerama, ndi kumatembenuza miyala umodziumodzi. Ife ana tinkawaseka. Tinkati akufunafuna mano awo.

Linali Lachisanu, mwezi wa Epulo, mvula itayamba kuleka. Atate anapopera thonje m'mawa. Masana ananyamuka pa njinga kupita ku Chipata, kumene ankakagona kwa mbale wawo. Pampu yopoperayo anandisiyira ine, muli mankhwala otsala.

"Zotsalazo ukathire m'dzenje la pachulu," anatero. "Utsuke katatu. Kumtsinje usayandikireko. Wamva?"

Ndinati ndamva.

Chulucho chinali kumapeto kwa munda, pokwera. Kutsuka katatu kunkafuna ndowa zitatu za madzi, zonse zonyamula pamutu kuchokera kumtsinje. Anzanga anali atayamba kale mpira, ndinkawamva akukuwa. Ndinabereka pampu, ndinatsika ndi kanjira ka m'munda mwathu mpaka pa mwala wina waukulu, wobisika m'bango. Ndinatsegula chivundikiro ndi kukhuthula zonse.

Madzi anayera ngati mkaka. Fungo linandilasa m'mphuno. Ndinayang'ana kuyerako kukutsika, kukuchepa, mpaka kutha. Mumtima ndinati madzi oyenda amadzitsuka okha. Ndinatsukuluza pampu katatu, monga anandiuzira, ndi kuthamangira ku mpira.

Loweruka m'mawa azimayi amene anapita kukatunga anabwerako akuthamanga, ndowa zopanda kanthu. Mudzi wonse unatsikira kumtsinje. Matemba anali akuyandama, mimba kumwamba. Ena anali atatsakamira m'mizu. Nkhanu zinali zitatuluka m'madzi ndi kufera pamchenga. Ana onse analowa m'madzi kukatola nsomba, akusekerera, mpaka azimayi anawalanda ndi kuwakalipira. Ine ndinaima patali.

Amalume anatola nsomba imodzi, naitembenuza.

"Ndi katupe uyu," anatero.

Katupe ndi chomera chimene ena amasinja ndi kuthira m'madzi kuti nsomba ziledzere. Pamudzi pathu anali atachiletsa kalekale, chifukwa madziwo ndi omwe tinkamwa.

"Nanga ndani amakhala kumtsinje kuno tsiku lonse?" anafunsa amalume. Onse anacheukira ku dimba la aDaka.

ADaka anali ataima pamenepo, chipewa m'manja. Amalume anawayandikira.

"Alamu, tinakusudzulani kale. Kukhala kwanu kuno ndi chifundo chathu. Lero mwatithirira poizoni m'madzi akumwa. Mawa tikaweruka ku tchalitchi, mbumba ikhala pansi. Inu muyambe kumanga katundu."

Ndinamva mawu onsewo. Ndinangoyang'ana pansi.

ADaka sanakweze mawu. "Ndamva, alamu. Koma mawa lisanafike, ndiloleni ndikuonetseni miyala."

"Miyala yatani?"

"Ili ndi anthu ake pansi pake. Tikaone amene afa ndi amene atsala."

Ena anaseka. Amalume anati akudwala mutu mkuluyu. Komabe anavomera, mwina pofuna kuti anthu asadzanene kuti sanawamvere. ADaka analowa m'kasakasa ka m'dimba mwawo, natulukamo ndi mbale yoyera yachitsulo. Kenaka anandikodola.

"Iwe Dominiko, maso anga atha. Ako ndi atsopano. Gwira mbale."

Ndinafuna kuthawa. Amayi anandikankha pamsana. "Akulu akukuitana, sukumva?" Motero tinanyamuka anayi: aDaka, ine, amalume ndi amayi.

Tinayambira pa dimba lawo lomwelo. ADaka anandiuza kutunga madzi pang'ono m'mbale. Anazula mwala waukulu ngati papaya pamene madzi ankathamanga, naupukuta kunsi kwake ndi chala, pamwamba pa mbale. Tinthu tinagweramo. Ndinali nditakulira mumtsinje umenewu, koma ndinali ndisanationepo.

"Ukuona chiyani?"

"Tizilombo."

"Tizilombo ndi dzina la ulesi. Werenga michira ya aka."

Kanali kaphwatalala, kakang'ono ngati njere ya mpunga. Ndinawerenga. "Itatu."

"Kameneko kamadya ndere ya pamwala. Ndiye mbuzi ya m'madzi muno. Madzi akangoipa pang'ono, kamayamba kufa ndi iko. Kakuyenda?"

Ndinakakhudza ndi udzu. "Ayi."

Anabwezera mwalawo pamalo pake, mbali yonyowa pansi, ngati mmene anaupezera. Tinakwera pang'ono. Mwala wachiwiri unali ndi timachubu tating'ono tomata, topangidwa ndi mchenga. ADaka anang'amba kamodzi ndi chikhadabo. M'kati munali kamphutsi kofewa.

"Aka kamamanga nyumba yake kokha, mchenga umodziumodzi. Kuposa amuna ena a pamudzi pano."

Amayi anaseka pang'ono, nadzigwira pakamwa. Amalume sanaseke. Kamphutsiko kanali kakufa.

Pa mwala wachitatu panagwa china chonenepa, cha maso aakulu, cha miyendo isanu ndi umodzi. ADaka anati ameneyo ndi mwana wa tombolombo. Ndinakana. Tombolombo amauluka, ndinatero. Iwo anati nawenso unayamba ndi kukwawa. Amakhala m'madzi nthawi yaitali, tsiku lina amakwera pa bango, khungu limang'ambika pamsana, amatuluka ndi mapiko. Anandionetsa chikhungu chouma chomata pa bango, chibowo chili pamsana. Koma wa m'mbaleyo anali wakufa.

Tinapitirira malire a dimba lawo. Tinapitirira madimba ena awiri. Miyala yonse inali manda okhaokha. ADaka anawongoka, nagwira m'chiuno.

"Alamu, dimba langa talisiya kumbuyo. Madzi sakwera phiri."

"Madzi sakwera," anayankha amalume, "koma inu mumakwera. Miyendo muli nayo, thumba muli nalo."

"Zoona. Koma munthu wothira katupe amafuna nsomba. Amathira padziwe, n'kutola. Sasiyira ntchentche. Ndiponso katupe ndimamudziwa, ndinakhalapo mnyamata. Nkhanu sazipha chonchi."

"Mwavomera nokha kuti mumamudziwa."

ADaka anaweramanso.

Ine mbale inayamba kundilemera. Ndinkadziwa kumene tikupita. Mwala uliwonse umene ankazula unkatiyandikizitsa ku bango lija. Ndinayamba kupemphera chamumtima kuti tipeze kamoyo kamodzi msanga, tisanafike. Sitinakapeze. Dzuwa linakwera, thukuta linandilowa m'maso.

Tinafika pa mwala waukulu uja. ADaka anazula mwala kumunsi kwake. Zakufa. Anazungulira, nayenda mapazi ngati khumi kumtunda, nazula wina. Anaupukutira m'mbale.

Mbale yonse inayamba kuyenda.

Ta michira itatu tinkathamanga uku ndi uku. Timachubu ta mchenga tinatulutsa mitu ndi kuyamba kukwawa, nyumba kumsana. Ndipo pakati panali china chimene chinandichititsa kufuna kutaya mbale. Chinali chachitali ngati theka la chala changa, chotuwa, cha mutu wolimba wokhala ndi mano awiri opindika ngati zikwakwa. M'mbali monse chinali ndi tinthu tambirimbiri togwedezeka.

"Nankalizi!" ndinakuwa.

"Gwira bwino mbale, wamantha iwe. Nankalizi amakhala m'madzi? Werenga miyendo."

"Ndi yambiri."

"Werenga imene ikuyenda pansi."

Ndinayang'anitsitsa. Miyendo yeniyeni inali isanu ndi umodzi, yonse kufupi ndi mutu. Zinazo zinali ngati timaulusi tofewa.

"Timaulusito si miyendo. Ndi mphuno zake, amapumira mmenemo. N'chifukwa chake amafuna madzi oyera. Yang'ana kumchira."

Kumchira kunali timbedza ting'onoting'ono.

"Amakolera pamwala kuti madzi asam'tenge. Ameneyu ndiye fisi wa pansi pa miyala. Amadya ta michira itatu tija. Iye amadyedwa ndi nsomba. Nsomba umadya ndiwe. Akakhwima amatuluka, amadzimata m'dothi la m'mbali, n'kusanduka aja." Analoza ndi mlomo.

Pamalo pamene madzi anali odekha, tizilombo takuda tonyezimira tinkazungulirazungulira pamwamba pa madzi. Tinkationa masiku onse posamba. Apo m'pamene ndinazindikira kuti kumunsi konse kumene tinadutsa sindinaoneko ndi kamodzi komwe.

ADaka anazulanso miyala iwiri kumtunda. Yamoyo. Anabwerera kumunsi kwa mwala waukulu, nazula iwiri. Yakufa. Kenaka anakhala pa mwalawo, natambasula miyendo.

"Alamu, mtsinje wafera apa. Pano palibe dziwe, palibe nsomba yoti munthu n'kuivutikira. Amene anaupha sindinamuone. Zanga zathera pomwepa."

Kanjira ka kumunda kwathu kanali kumbuyo kwawo, koonekeratu, bango lake lopondedwa. Iwo sanakayang'ane. Sanandiyang'anenso ine. Amayi ndi amene anakayang'ana, kenaka anatembenukira kwa ine, nkhope itasintha.

Amalume analavula. "Mwatiyendetsa mtunda wonsewu kudzationetsa mphutsi? Ngati simunamuone, ndiye kuti palibe wina. Za mawa zili pomwepo." Anatembenuka kuti azipita.

ADaka anavala chipewa chawo. Anati, "Chabwino, alamu." Mawu awiri okhawo.

Ndinayang'ana m'mbale. Chilombo chija chinali chitagwira kamodzi ka michira itatu. Ndinaganiza za aDaka ali pamsewu waukulu, mtolo pamutu, akudikira basi yopita kumudzi kumene kulibe wowalonjera.

"Ndine," ndinatero.

Mawu sanatuluke bwino. Amalume anacheuka. "Wati chiyani?"

"Ndine, amalume. Ndinatsukira pampu pano dzulo. Ndinakhuthula mankhwala a thonje."

Amayi anakhala pansi pomwepo, manja kumutu. "Mayo ine, mwana uyu! Tikanamwa madzi amenewa!"

Amalume anathyola nthambi ndi kuyamba kuisadza masamba. Anali okwiya kawiri, ndikuganiza: chifukwa cha mtsinje, ndi chifukwa cha dimba limene linali litawapulumuka. ADaka anaimirira pakati pathu.

"Alamu, mwana ndi wanu, ine ndilibe mawu pa iye. Koma mukam'menya alira lero, mawa aiwala. Ndibwerekeni ine."

Amalume anawayang'ana nthawi yaitali. Anataya nthambi ija m'madzi, nachoka. Mbumba sinakhale pansi tsiku lotsatiralo.

Atate atabwera ku Chipata anandimenyabe. Zimenezo ndinaziiwaladi.

Chilango cha aDaka sindinachiiwale. Madzi akumwa a nyumba zonse za mbumba yathu ndinkatunga ine, kumtunda kwa mwala uja, m'mawa ndisanapite kusukulu ndi madzulo ndikaweruka. Mnyamata kusenza ndowa pamutu, atsikana ankafa nazo kuseka. Ndinafunsa kuti zidzatha liti.

"Ukadzandibweretsera wa timaulusi uja, wamoyo, wochokera pa dimba langa," anatero aDaka. "Osati wa kumtunda. Ndidzadziwa."

Loweruka lililonse ndinkapita ndi mbale yoyera. Miyala khumi, kuyambira pa mwala waukulu kutsika mpaka pa dimba lawo. Iwo ankakhala pamtunda akusuta fodya wawo. Ndikaiwala kubwezera mwala mmene ndinaupezera, ankandibweza. "Iwe munthu atakusasulira denga n'kuchoka, ungamve bwanji?"

Masabata oyamba kunalibe kanthu. Miyala inamera ndere yambiri, yoterera, chifukwa zoidya zinali zitafa. Oyamba kubwera anali akuda ozungulira pamwamba aja. ADaka anati amenewo asandinamize, ali ndi mapiko, ndi alendo chabe. Kenaka ndinapeza ta michira itatu, tiwiri, pafupi ndi mwala waukulu. Madzi anali atatitsitsa kuchokera kumtunda. Sabata ndi sabata tinkapezeka kumunsi pang'ono. Nyengo yozizira inafika, zala zinkachita dzanzi m'madzi. Timachubu ta mchenga tinayamba kuoneka. Wa timaulusi osaoneka.

Tsiku lina ndinatopa. Ndinati mwina sadzabweranso.

"Wodya anzake amabwera pomaliza," anatero aDaka. "Angabwere kudzadya chiyani, miyala? Ukadzamuona, udziwe kuti onse apansi pake akhuta."

Ndinam'peza kutayamba kutentha, mitengo itaphuka masamba ofiira. Anali pa mwala wachisanu ndi chitatu, moyang'anizana ndi mpiru wa aDaka. Wamng'ono, koma yemweyo. Ndinawerenga miyendo, isanu ndi umodzi. Ndinayang'ana timbedza kumchira. Ndinayenda pang'onopang'ono kuti madzi asatayike.

ADaka anayandikitsa mbale kumaso. Anayang'ana nthawi yaitali. Kenaka anawerama, natunga madzi a pamenepo ndi manja, namwa.

"Kam'bwezere pamwala pake," anatero. "Ndowa ija ukawapatse eni ake."

Amalume sanapepese. Sanali munthu wotero. Koma tsiku lina ndinawaona atabweretsa mpini watsopano wa khasu kwa aDaka, nausiya pakhomo. Za dimba sanazitchulenso. ADaka anakhala pamudzi pathu mpaka imfa yawo, ndipo tinawaika pafupi ndi akazi awo.

Asanamwalire, ine nditakwatira kale, ndinawafunsa kuti anadziwa liti kuti ndinali ine.

"M'mawa momwemo," anatero. "Ana onse anathamangira nsomba. Iwe, wokonda matemba kuposa onse, unaima patali manja kumbuyo."

"Nanga bwanji simunanene?"

"Ndinene ine? Mkamwini wosudzulidwa kuloza chala mwana wa eni mudzi? Akanati ndikudzipulumutsa. Ndipo iwe ukanakana, n'kukula ndi bodza lakolo."

"Ndikanakhala chete pa mwala paja?"

Anaseka, mano awo ochepa aja poyera. "Ndikanamanga katundu."

Ine sukulu ndinalekezera Giredi 7. Dzina la m'buku la kachilombo ka timaulusi kaja sindilidziwa. Ndimalimabe thonje, ndi tomato amene ndimakagulitsa ku Chipata. Pampu ndili nayo yangayanga. Dzenje lotsukira lili kutali ndi madzi, ndipo ndowa zitatu ndimasenza ndekha. Chaka chilichonse mvula ikaleka ndimatsika ndi mbale yoyera. Adzukulu amandiseka. Amati agogo akufunafuna mano awo.

Nthawi imene ija ndinkaganiza kuti aDaka ankandiphunzitsa za tizilombo. Anandiphunzitsadi, ndipo ndimadziwa kuti madzi ooneka oyera akhoza kukhala akufa, ndi kuti munthu sangadziwe asanawerame. Koma tsopano ndakalamba, ndimaona zina. Munthu uja anali ndi dzina langa pakamwa kuyambira m'mawa. Nyumba yake, dimba lake, ndi malo ake pafupi ndi manda a mkazi wake, zonse zinali pa mawu amodzi. Sanawanene. Anandipatsa mbale, nandiyendetsa mwala ndi mwala mpaka pamene ndinalakwira, n'kukhala pansi kudikira kuti aone ngati mwa ine muli kamoyo.